Zithunzi za Bambo Anga, a Kachipewa

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene banja langa linatha. Mwamuna wanga anati zaka zisanu zopanda mwana zamukwana, ndipo ndinabwerera kwa makolo anga ku Nsaru ndi chikwama chimodzi ndi ndowa. Pakhomo ndinapeza denga likudontha, fodya wa chaka chimenecho atagulidwa motaya, amayi akugwira ganyu m'minda ya anthu amene kale ankabwera kwathu kudzapempha mchere. Mnzanga Agata, yemwe tinkaimba naye kwaya ku parishi, anali atakhala ku Joni zaka ziwiri. Anandiuza pa foni kuti ntchito ya m'nyumba ilipo ngati ndili wolimba mtima. Sindinafunse zambiri.

Bambo anga anali a Fabiano, koma dzina limenelo ankalitchula ndi amayi okha ndi ansembe. Anthu ena onse ankawadziwa kuti a Kachipewa. Amene anakula akumvera zisudzo pa wailesi akuwakumbukira. Anali munthu wamtali, wovala kachipewa ka mwana pamwamba pa mutu ndi jekete lofika m'mawondo, woyenda akukoka mwendo umodzi ngati ukukana ulendo. Ankasewera ngati mlimi wofika m'tauni koyamba, wonamizira kudziwa Chingerezi. Anayenda ndi gulu lawo m'maholo a sukulu kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga. Kenako kunabwera mavidiyo, kunabwera mafoni, kunabwera anyamata atsopano a nthabwala zawo, ndipo anthu anasiya kuwaitana. Anabwerera kumudzi ali ndi imvi, khasu osalidziwa kagwiridwe kake.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza pokwerera minibasi, atandinyamulira chikwama. M'njira sanaseke.

"Jasinta, ine ndayendapo," anatero. "Sindikuletsa. Koma dziwa kuti ukachoka, zinthu pakhomo siziima kukudikira."

Ndisanayankhe, kondakitala anafuula kuti, "A Kachipewa! Tatiyenderani pang'ono, achikulire!" Pomwepo nkhope yawo inasintha. Anatula chikwama changa, nayamba kukoka mwendo, kukamwa atapotoza. Anthu anawazungulira. Minibasi inanyamuka iwo atandifulatira, ali pakati pa anthu oseka. Ndinachita manyazi moti sindinatulutse dzanja pawindo. Sindinawaonenso ndi maso.

Ku Joni ndinkasamalira mayi wina wokalamba amene sankatha kuyenda. Ndinkamusambitsa, kumudyetsa, kumutembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo panyengo yozizira ndinkagona ndi juzi ziwiri. Panali masabata amene munthu yekha wondilankhula anali gogoyo, yemwe ankanditchula dzina la wantchito wake wakale. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kumudzi. Amayi anagula malata, feteleza, mbuzi ziwiri. Ndinkatumizanso zithunzi: ndili pafupi ndi galimoto ya mwana wa gogoyo, ndili pakhomo la sitolo yaikulu nditavala jekete la Agata. Za masiku amene tinkadzitsekera m'nyumba chifukwa alendo akuthamangitsidwa m'misewu sindinkanena.

Lamlungu tinkakumana Amalawi tikatuluka m'tchalitchi. Atadziwa kuti ndine mwana wa ndani, sindinapumenso. "Mwana wa a Kachipewa! Tatiseketsa, mwana wa nyumba ya chiseko." Ndinkamwetulira n'kunena kuti ine ndinatengera amayi.

Ndinawatumizira foni kumudzi, ndipo bambo anaphunzira kujambula mawu. Sankanena za njala kapena za matenda. Ankati, "Kuno mvula yagwa yochuluka moti achule abwera kudzabwereka ambulera ya amako." Ndinkakwiya kuti munthu wamkulu sangalankhule zenizeni ngakhale kamodzi. Komabe uthenga umodzi ndinkaumvera kasanu, kakhumi, nditakhala pabedi mbale ili pamwendo.

Chaka chachisanu mauthenga aja anangosiya. Ndikafunsa, amayi ankati, "Atopa chabe bambo ako, mawu atsekeka." Mwezi wotsatira yankho linali lomwelo. Ndiyenera kunena zoona: sindinaumirire. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka m'dzikomo sandilolanso kulowa. Ndinkaopa kumva chinthu chondikakamiza kusankha. Ndinangowonjezera ndalama zotumiza.

Uthenga wa maliro unandipeza ndikudyetsa gogo uja phala. Ndinauwerenga, ndinaika foni pansi, ndinamaliza kumudyetsa, ndinamupukuta pakamwa. Ndinatumiza ndalama za bokosi. Maliro ndinawaonera pa foni. Anthu ambiri anaika chithunzi cha bambo ali ndi kachipewa kawo, akulemba kuti dziko lataya munthu wamkulu. Ku Joni anzanga anabwera kudzandipepesa, koma pasanathe mphindi khumi anali atayamba kukumbutsana nthabwala zawo, misozi ikutuluka ndi kuseka.

Patatha chaka gogo uja anamwalira. Ana ake anandipatsa zovala zake ndi kundithokoza, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinakwera basi, masiku awiri panjira, kuti ndikapezeke pomanga chiliza cha bambo. Malata ndinawaona ndili patali, akuwala. Amayi anatuluka m'nyumba ali ochepa thupi, msana utapindika, moti ndinayamba ndawapatsa moni ngati mlendo.

Chiliza chitamangidwa, anthu atabalalika, tinakhala awiri pakhonde masana tikuswa mtedza. Amayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sutikesi yakale ya bambo. Munali jekete lija, kachipewa kaja, ndi zithunzi zomangidwa ndi kansalu. Anayala chitenje pamphasa nayamba kuziika chimodzichimodzi.

Choyamba chinali cha ukwati wawo, pakhomo la tchalitchi. Bambo anali mnyamata wowongoka, wopanda chipewa, nkhope ya munthu wamantha. Amayi anali atagwira maluwa, akuyang'ana pansi. M'zithunzi zonse za m'sutikesimo, amayi ankaoneka m'chimenechi chokha. China bambo anali ataimirira pamwamba pa lole, anthu osawerengeka atatukula manja. China ali kutsogolo kwa maikolofoni ndi anzawo atatu, onse anamwalira kale. Ine ndinkaseka pang'ono, ndikukumbukira mmene ndinkanyadira kusukulu.

Kenako anatenga chithunzi chachikulu. Bambo anali pa siteji, kukamwa yasa, mwendo m'mwamba, ndipo kutsogolo akuluakulu ovala masuti anali atagwira mimba ndi kuseka.

"Apa anali ku Mzuzu," anatero amayi. "Tsiku limeneli ndi limene tinaika Paulo."

Paulo anali mchimwene wanga amene anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zitatu, ine ndisanabadwe. Ndinkangodziwa dzina lake ndi kamanda kake.

"Kodi sanamve uthenga?"

"Anamva. Unalengezedwa pa wailesi m'mawa. Koma anthu anali atagula kale matikiti. Anasewera masiku awiri. Anafika kuno tsiku lachinayi, atanyamula shuga ndi nsalu." Anapukuta chithunzicho ndi m'mphepete mwa chitenje. "Analira kumandako mpaka kukomoka. Sabata yotsatira anapitanso."

Chithunzi chomaliza chinali chatsopano, chamitundu. Ndinazindikira msika wa pa Nsaru, pamene amagulitsa tomato. Bambo anali atagona chammbali pafumbi, mbali imodzi ya nkhope itagwa, dzanja litapindikira pachifuwa. Mozungulira munali anthu oimirira, onse mano pamtunda. Pafupi ndi mutu wawo panali timakobidi.

"Ndinawatuma kukagula sopo," anatero amayi. "Anayamba kukoka mwendo, anthu n'kumati ayamba. Atagwa, anthu anaomba m'manja. Ankayesa kulankhula, mawu osamveka, anthu n'kumasekerabe kuti ndi Chingerezi chawo chija. Anagona pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina wogulitsa masamba ndiye anaona kuti adzikodzera, n'kukuwa."

Kuchipatala anati ndi sitiroko, ndipo akanafika msanga mwina zikanasintha. Sanalankhulenso. Anakhala chaka ndi miyezi ali gone, amayi akuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza, ntchito yomweyo imene ine ndinkagwirira mlendo. Mwa anthu onse a m'zithunzi zija, palibe amene anabwera kudzawaona. Chithunzicho anabweretsa ndi wojambula wa pamsika maliro atatha. Anati n'chikumbutso cha sewero lawo lomaliza.

"Amayi, bwanji simunandiuze?"

"Ukanabwera?"

Iwo sanadikire yankho. Anapisa dzanja pansi pa jekete n'kutulutsa zithunzi zina, zomangidwa pazokha. Zinali zanga. Ankapita nazo kokatsukitsa kuchokera pa foni: ine pafupi ndi galimoto, ine pakhomo la sitolo, ndikumwetulira m'zonse.

"Bambo ako ankazigwira ndi dzanja lamoyo lija, kuziyang'ana tsiku lonse," anatero. "Ine ndinkadziwa kuti jeketelo si lako. Ndakhala ndi munthu wa zithunzi zaka makumi anayi, ndimadziwa kumwetulira kwa ntchito. Inu awiri ndinu amodzi. Mumatumiza shuga, malata, zithunzi. Sindikukudzudzula, mwanawe, malatawa ndi awa, sindinyowa. Ndikungonena."

Ndinalira, ndipo anandisiya kuti ndilire. Nditatonthola ndinatulutsa foni, ndinati ndiwajambule, popeza chithunzi chawo n'chimodzi chokha cha ali mtsikana. Anatchinga nkhope ndi lichero.

"Ayi. M'nyumba ino munthu akayamba za zithunzi ndiye kuti akunyamuka."

Ankanena zoona. M'fonimo munali uthenga wa Agata woti wandipezera ntchito ina, ndipo pali munthu wodziwa kuwolotsa anthu opanda mapepala. Ndinali nditauwerenga katatu m'mawa umenewo. Ndinabweza foni m'thumba, tinapitiriza kuswa mtedza. Agata ndinamuyankha patatha sabata kuti apatse wina.

Tsopano ndatha mvula ziwiri ndili kuno. Ndimalima ndi amayi, ndipo chaka chatha chakudya sichinafike Febuluwale. Tsiku la msika ndimapita pa Nsaru. Nkhope za m'chithunzi cha pamsika chija ndimazidziwa zonse. Mmodzi ndi amene anatsogolera nyimbo pomanga chiliza, wina anatithandiza kufolera khitchini osalandira kanthu. Si anthu oipa, ndipo bambo ankawakondadi. Sabata yatha bambo wina wogulitsa tomato, yemwe m'chithunzimo waima kutsogolo kwenikweni atagwira bondo ndi kuseka, anandiikira tomato awiri pamwamba.

"Mwana wa a Kachipewa, eti? Bambo anu anali munthu. Anatiseketsa mpaka tsiku lomaliza, pomwe mwaimapo pomwepo."

Ndinayang'ana pansi pamene ndinaponda. Ndinati, "Zikomo, bambo," ndinalandira tomato, n'kupita kukagula sopo.