Mchenga wa Alamu Anga ndi Laisensi ya Mthuthuthu

Ndalemba mbiri iyi chifukwa nkhani ya mayeso anga a mthuthuthu yayamba kukambidwa mokhota. Ku Pembamoyo akuti ndinauluka pamwamba pa mtsinje. Ku Zingalume akuti ndinagwa, ndipo Mzungu anandipatsa laisensi pomvera chisoni imvi zanga. Zonse ziwiri n'zabodza. Ine, Estere Naphiri, ndakalamba ndikuphunzitsa ana kunena zoona, ndipo sindingalole kuti bodza liziyenda ndi dzina langa ine ndili moyo.

Ndinaganiza zochoka kwathu ku Zemba amuna anga, aJoswa Banda, atamwalira. Iwo anali woyendera masukulu a m'midzi, ndipo ankayenda pa mthuthuthu, njinga yamoto ya mishoni. Ndi iwo amene anandiphunzitsa kukwera, m'dambo litauma m'chilimwe, ndili mkazi wachitsikana wongotuluka kumene ku koleji ya uphunzitsi. Ankathamanga pambali panga akufuula, ndipo mwa zonse zimene anafuulazo ndinasunga chimodzi: "Estere, pa mchenga usamange buleki. Khalira kumbuyo, wonjezera moto, yang'ana kumene ukupita." Iwo atapita, mthuthuthu unabwerera kwa eni ake, ndipo malipiro a mphunzitsi wamkazi wa kumudzi sakanaphunzitsa mwana wanga. Ndinamva kuti ku Halale kukufunika aphunzitsi odziwa Chinyanja, oti aziphunzitsa ana a anthu akwathu ogwira ntchito kumeneko. Ndinasiya mwanayo m'manja mwa alongo anga aakulu, aYohane Phiri, ndi akazi awo aNambewe. Ndinalonjeza kuti sindikachedwa.

"Onse amatero," anayankha aYohane, akumanga katundu wanga.

Ananena zoona. Ndinakhala ku Halale zaka zoposa makumi awiri. Ndinali ndi chipinda chimodzi m'komboni, choyera bwino, ndi mpando wa alendo umene sunkakhalidwa kawirikawiri. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama kwathu, ndipo mayankho ankabwera ndi zosowa: fizi, msonkho, makasu, nsalu ya amayi. Sindikudandaula, pakuti n'zimene ndinapitira. Koma panalibe wofunsa ngati ndili ndi wocheza naye. Tsiku lovuta linali Lamulungu masana, mapemphero atatha, aliyense atalowa m'nyumba ya abale ake. Nthawi zina wapolisi ankadutsa pa mthuthuthu mu msewu waukulu, ndipo ndinkapeza dzanja langa lamanja likupotokola chogwirira cha ambulera ngati likuwonjezera moto. Mwana wanga anakula, nakalowa ukalaliki wa mu ofesi ku Migodi. Amayi anamwalira, uthenga n'kundipeza maliro ataikidwa kale. Kwathu anayamba kunditchula mtchona, dzina la munthu amene anapita kukagwira ntchito n'kuiwala njira yobwerera.

Ndiye m'masiku ano a Chitaganya a mishoni anandiitana. Ankafuna munthu woyendera masukulu ndi makalasi a amayi ku Zemba, ku Pembamoyo ndi ku Zingalume, ntchito yomwe ija ya aJoswa. Maondo anga sangapalasenso njinga pa mitunda imeneyi, koma ndinadziwa chochita. Zimene ndinasunga zaka zonsezo ndinagulira mthuthuthu wogwiritsidwapo kale ntchito, wakuda, wolemera, wa mawu okhuthala. Ndinabwera nawo pa sitima mpaka ku Lusaka, kenaka pa lole mpaka ku Fort Jameson, ndipo njira yonse ndinkautembenukira ngati mayi wapaulendo ndi khanda.

Abusa a ku mishoni anandilandira bwino, koma anandiuza mosabisa kuti nthawi ya aJoswa inatha. Tsopano boma likufuna laisensi. Ndikapanda kuipeza masukulu asanatsegulidwe, ntchitoyo adzaipereka kwa mnyamata wina wopalasa njinga. Malo ena a ine kunalibe. Ndikalephera mayeso, ndinayenera kubwerera ku chipinda chija cha ku Halale.

Pamudzi anandilonjera mwaulemu wopitirira, monga amalonjerera mlendo. AYohane, amene tsopano ndi mkulu wa mpingo, anauzungulira mthuthuthuwo manja ali kumbuyo.

"Anzanu akamachokera ku Halale amabwera ndi pulawo," anatero. "Inu mwatibweretsera phokoso."

"Phokosoli lifika ku Zingalume pulawo isanatuluke m'khola, achimwene."

ANambewe anali ndi funso lina. "Nanga alamu, mukhalapo bwanji? Motang'adza ngati mwamuna?"

Ndinawaonetsa siketi imene ndinasoka ndekha, yogawika pakati, yofika m'akakolo. Ndinawauza kuti palibe chidzaoneke chimene sanachione ku mtsinje. Anaseka mpaka kugwira chipupa, koma amayi ena amene analipo anangoyang'ana pansi.

Tsiku loyamba kuuliza, pa bwalo la sukulu, ndinaponda chitsulo cholizira kangapo osayankha. Kenaka unadzuka. Kunjenjemera kwake kunakwera m'manja mpaka m'mano, ndipo thupi langa linakumbukira zonse mutu usanaganize. Ndinazungulira bwalolo, mphepo ikukoka duku langa, ndipo ndinamva ngati zaka za ku Halale zikuthothoka kumsana kwanga ngati mankhusu pa lichero. Ndine mkazi wosakonda chibwana, koma tsiku limenelo nkhuku za aphunzitsi aakulu zinathawira m'tchire chifukwa cha ine.

Bwana wa polisi wa ku Fort Jameson, amene anali ndi ulendo wodutsa kuno, anavomera kundiyesera pa msewu wathu, kuchokera pasukulu, kuwoloka mtsinje wouma, kukakhota pa mkuyu waukulu, n'kubwerera. Msewu umenewo ndinauphunzira monga ndimaphunzirira kalasi yatsopano. Unali wouma gwa, wodzaza ndi mikwasa ya ngolo ndi maenje, koma dzenje lililonse ndinalidziwa pamene lili. Ndikamadutsa, amayi a kuchitsime ankasiya kulankhula n'kumandiyang'ana. Ndinatsimikiza mumtima kuti akunyoza mtchona wokalamba wofuna kudzionetsa.

Mayeso atayandikira ndinapita ku Pembamoyo pa ngolo ya mishoni kukaona nyumba ya sukulu imene denga lake linasasuka, ndipo ndinabwerako m'mawa wa tsiku la mayeso lenilenilo. Msewu sindinauzindikire. Unali utalambulidwa monga amachitira pakamabwera bwanamkubwa, udzu wa m'mbali utasengedwa, miyala itachotsedwa. Mikwasa yonse ndi maenje onse zinali zitakwiriridwa ndi mchenga woyera wa mumtsinje, wosalazidwa bwino ndi matsache. Pamene panali nthaka yolimba imene ndinaidalira, tsopano panali mchenga wofika m'akakolo, ndipo pansi pake maenje anga anabisala.

ANambewe anabwera akupukuta manja m'chitenje, nkhope ikuwala.

"Tinamva kuti Mzungu akaona mukugwedezeka akulepheretsani," anatero. "Ndiye tasalaza. Muyenda ngati pa mphasa, alamu."

Mawu akudzudzula anali kale pa lilime langa, pakuti kudzudzula ndi ntchito imene ndimaidziwa. Koma ndinaona mapazi a amayi aja a kuchitsime, otuwa ndi mchenga, ndi madengu ali mulu pansi pa mtengo. Ndinaonanso ngolo ya aYohane, mchenga ukadali m'ngodya zake. Ndinameza mawuwo.

"Mwagwira ntchito yaikulu," ndinatero.

Bwana wa polisi atafika anatsika m'galimoto, napondaponda mchengawo ndi nsapato, nalankhula ndi mesenjala amene ankamumasulira.

"Amayi," anatero mesenjalayo motsitsa mawu, "bwana akuti msewu uwu ndi msampha. Mukafuna, adzakuyesani akadzabweranso, mvula ikatha."

Mvula ikatha masukulu akanakhala atatsegulidwa kale. Ndiponso mudzi wonse unali utaima m'mbali mwa msewu umene unakonza ndi manja ake. Ndinamuyankha bwanayo ndekha m'Chingerezi kuti ndiyenda pa msewu umene abale anga andikonzera. Anandiyang'ana, nayang'ana imvi zanga, nakweza mapewa.

Injini inalira pa kuponda koyamba. Ndinatambasula dzanja kusonyeza kuti ndikulowa mu msewu, monga lamulo linenera, ndipo ndinanyamuka. Tayala lakutsogolo litangolowa mumchenga linayamba kukana ngati mbuzi yokokedwa pa chingwe, uku ndi uku, ndipo phazi langa linafuna buleki ndi mtima wonse. Pamenepo ndinamva aJoswa akuthamanga m'dambo muja. Ndinakhalira kumbuyo, ndinakweza maso ku mkuyu, ndinawonjezera moto. Mthuthuthu unabangula, unawongoka, n'kuyamba kuyandama pamwamba pa mchengawo, ukuulavulira kumbuyo. Nthungululu zinayamba poyambira, n'kumandithamangitsa mu msewu wonse. Amayi ankathamanga m'mbali akukupiza zitenje. Ndinatsikira mumtsinje wouma ndi matayala onse awiri ali pansi, a ku Pembamoyo amve zimenezo, ndipo ndinakwera tsidya linalo ndikuseka mokweza, chinthu chimene ana onse amene ndinawaphunzitsa ku Halale sanachimvepo.

Pa mkuyu ndinasonyezanso ndi dzanja, ndinatsitsa giya, ndinakhota. Phazi langa lamanzere linakhudza pansi pokhotapo. Kukhudza pansi si kugwa, a ku Zingalume amvenso zimenezo. Pobwerera ndinali nditaudziwa mchengawo, ndipo ndinaukonda. Ndinadutsa pamene anaima aYohane, ndipo jekete lawo lakutchalitchi linalandira gawo lake la mchenga. Ndinaima pa mzere umene bwanayo analemba ndi ndodo, osaupitirira.

Anandifunsa malamulo a pamsewu, ndipo ndinayankha monga ndimafunira kuti ana aziyankha, mokwanira ndi momveka. Anafunsa amene anandiphunzitsa kuyenda pa mchenga, ndinati amuna anga. Anasaina pepala atalitsamiritsa pa galimoto yake, nandipatsa moni wa dzanja.

Madzulo ake, anthu atabalalika, aNambewe anati, "Mwaona? Mchenga wathu wathandiza."

Sindinama, ngakhale pofuna kukondweretsa mlamu. Ndinawafotokozera modekha kuti mthuthuthu umakonda nthaka yolimba, ndi kuti mchengawo ukanatha kundithyola khosi. Anagwira pakamwa, kenaka anandimenya paphewa.

"Tikanadziwa bwanji? Wotiphunzitsa anali ku Halale." Anayang'ana kumsewu. "Abusa anauza aYohane kuti mukalephera mubwerera. Ife sitinafune. Chibwerereni takhala tikukuyang'anani, osadziwa ngati mwabwera kapena mwadzangocheza. Munthu wodzacheza sumuzolowera, alamu, amadzakupweteka pochoka."

Ndinali nditamasulira molakwa kukhala chete kuja kwa amayi a kuchitsime. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu kumangofuna zimene ndimatumiza, koma anthu amene anasenza mtsinje wathunthu pamutu sanali kufuna fizi kapena makasu.

AYohane anabwera akukuntha jekete lawo. "Mchengawo tikauchotsa mawa," anatero. Anatsokomola. "Lamulungu ndikukalalikira ku Zingalume. Kumbuyo kwa phokosoli kumakhala munthu?"

Ndinawauza kuti kumakhala, bola agwire zolimba ndi kusiya kundilangiza pa njira.

Amene analipo pa mayesowo, ndipo angachitire umboni kuti sindinauluke ndiponso sindinagwe, ndi awa:

Bwana wa polisi wa ku Fort Jameson, woyesa.
Mesenjala wa boma, womasulira, amene anatseka maso pamene ndinkatsikira mumtsinje.
AYohane Phiri, mkulu wa mpingo, eni ngolo.
ANambewe, alamu anga, amene anatsogolera ntchito ya mchenga.
ANabanda, aNasoko, aNankhoma ndi aNatembo, osenza madengu.
ANazulu, amene sapemphera nafe koma anabwera ndi tsache lawo.
ASimeoni Mwale, aphunzitsi aakulu, eni nkhuku.
Ine, Estere Naphiri, woyendera masukulu, wa pa Zemba pano.