Moto wa pageti la fakitale

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ine ndi bambo anga tinatsatira mayi ku West Bromwich, kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Bambo, amene kwathu ku Dedza anali mphunzitsi, anatha miyezi akungotiphikira ndi kusuzumira pawindo. Atapeza ntchito pafakitale ina yosula zitsulo, anasita malaya ngati akukakwatira.

Pakhomo loyandikana nafe pankakhala a Dennis, mzungu wa manja ngati makasu, amene anakalambira pafakitale yomweyo. Mdzukulu wawo Kelly ndiye anali mnzanga yekhayo m'dziko lonse la England, ndipo sindikukokomeza.

Tsiku loyamba bambo anapalasa njinga m'chisanu cha m'mawa. Pageti anapeza azibambo atazungulira moto woyaka mumgolo, nkhope zili ndwii. Mwana wa ku Dedza akaona amuna akuwotha moto pakhomo m'mawa safunsa: pagwa zovuta. Anatsika panjinga, anavula chipewa, anazyolika, n'kudutsa pakati pawo mwaulemu wonse. Zikwangwani zimene anthuwo ananyamula sanaziwerenge, pakuti pamaliro sumwazamwaza maso. Atalowa anakapepesa kwa kapitawo, ndipo kapitawoyo anaseka mpaka kutsamwa. Sanali maliro. Inali sitalaka, ndipo bambo anga anali atalowa kukagwira ntchito imene anzawo anainyanyala, a Dennis akuona.

Madzulo ake ndinakagogoda kwa Kelly. Anatsegula chitseko pang'ono chabe, n'kundiuza kuti agogo ake amuletsa kusewera nane. Ndinalira njira yonse, ngakhale njirayo inali ya khomo limodzi. Chifukwa chake ndinkachidziwa. Pashelefu ya a Dennis pankakhala kachidutswa ka tcheni kakuda bii. Kanali ka agogo awo aakazi, mmodzi wa amayi a ku Cradley Heath amene kalekale ankasula matcheni kuseri kwa nyumba zawo, ana ali pambali, mpaka ananyanyala chifukwa cha malipiro a nkhanza, ndipo anapambana. Kelly ankatchula nkhaniyi monga ife timatchulira mfunda wathu. M'banja limenelo, kudutsa anzako ataima pageti kunali koipa kuposa kuba.

Kunyumba kwathu kunabuka mlandu. Mayi anali atangoweruka, ndipo anayankhula akuvula nsapato.

"Bambo a Tadala, rent sidikira strike. Ine ndikupanga ma double shift, onani miyendoyi. Za eni dziko zisiyeni, inu mwabwera dzana."

Mayi sankanama, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu. Ine ndinalowererapo m'Chingerezi, chimene ndinkachisungira nthawi ya mkwiyo, kuti bambo andilanda mnzanga.

"Anthu aja ndawavulira chipewa, kenako ndawaponda," anatero bambo. "Zimenezo sizikundikhalira bwino."

Kutacha anathyola matabwa a bedi lakale n'kuwamanga panjinga ngati mtolo wa nkhuni. Mayi, amene anali akunyinyirikabe, ndi amenenso anaponya shuga ndi masamba a tiyi m'jumbo, akuti ngati mwaganiza zopita kumaliro anuwo musapite chimanjamanja, mungatichititse manyazi. Bambo ankafotokoza kuti atafika pageti anatsitsa nkhunizo, n'kuima chapatali. A Dennis anawayang'ana, anayang'ana nkhuni, kenako anangosendera kuti pamoto papezeke malo.

Ntchito ija inathera pomwepo, poti bambo anali asanakhazikike. Chisanu chonsecho tinkavala majuzi awiriawiri m'nyumba, ndipo mayi sanalole kuti bambo aiwale chifukwa chake. Koma Loweruka Kelly anabwera kudzagogoda. Pambuyo pake a Dennis anayamba kutitenga kukayenda m'mbali mwa ngalande zakale za mabwato, akuloza machumuni ozima ndi kutiuza kuti apa ankapanga misomali, apo masipuling'i, apo ndi pamene mchimwene wawo anasiya zala ziwiri. Bambo nawo ankawafotokozera za kwathu, za masamba oyala pamsewu posonyeza maliro, ndi zoti wapanjinga amatsika.

Patapita zaka zochepa fakitale ija inatsekedwa. Tsiku lomaliza tinapita kukaona anthu akutuluka. A Dennis anafika pageti, anatsika panjinga, anavula chipewa, n'kudutsa wapansi atazyolika. Bambo anandigwira paphewa.

"Waona, Tadala? Sindinalakwitse kwenikweni. Ndinangofulumira."

Lero pamalopo pali chinyumba chosungiramo katundu, ndipo achinyamata ogwira ntchito mmenemo sadziwa kuti pankayaka moto. Ine ndikadutsapo ndimamva chisoni, ndipo ndimachepetsa liwiro la galimoto. Ndinazindikira nditakula kuti mzinda uliwonse uli ndi masamba ake oyala pamsewu, ndipo kuvula chipewa n'kupitirira aliyense angathe. Bambo anga anabwerera ndi nkhuni.