Moto wa Andries Windvogel

Andries Windvogel anali munthu wovuta kugwira naye ntchito, ndisaname. Ndinakhala naye zaka zitatu pansi m'sitima yathu ya pamadzi, Blouklip, tikuthira malasha m'ng'anjo, ndipo silinkapita tsiku osandikalipira. Sitimayo kale inkasaka anamgumi ku Durban. Nkhondo itabuka anaimangirira mfuti kutsogolo, mabomba kumbuyo, n'kuipatsa ntchito yoperekeza sitima zakatundu kuti zisamizidwe ndi za Ajeremani zoyenda pansi pa madzi. Fungo la anamgumi lokha ndilo linakana kuchoka.

Luso la Andries linali moto wopanda utsi. Utsi wakuda umaonekera kutali, ndipo mdani akauona ndiye kuti mwamuitana nokha. Enafe tikatopa tinkangounjika malasha kuti tipumeko. Iye ayi. Ankamwaza mafosholo atatu mopyapyala, kutseka chitseko, kudikira, kenako atatu ena, mpaka nthawi yake itatha.

"Iwe Lukas," ankatero kwa ine, "ukuthira malasha kapena ukukwirira maliro?"

"Nanga moto si ukuyaka, akulu?"

"Ukuyaka! Takwera ukaone mbendera yakuda imene wawakwezera Ajeremani."

Ndinkapsa mtima, koma ndikakwera ndinkapezadi utsi uli tolotolo. Munthu uja sankalakwa pa moto, ndipo n'zimene zinkandiwawa.

M'chaka cha 1943 tinanyamuka ku Durban kulowera kumpoto ndi sitima zakatundu khumi. Mu imodzi mwa izo, yonyamula shuga, munali Japie, mng'ono wake wa Andries, wophika. Ntchitoyo anamupezera ndi Andries yemweyo, atawanyengerera mayi awo ku Cape Town kuti amulole. Andries akatuluka kukapitidwa mphepo, ankaima pampanda wa sitima n'kumaiyang'ana ya shugayo.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, zitsulo zonse zinanjenjemera. Pansi paja suona kanthu, umangomva. Wina anakuwira pamakwerero: "Ya shuga yaphulitsidwa!" Nthawi yomweyo belu la kaputeni linalira, kufuna liwiro lonse.

Lamulo tonse tinkalidziwa. Woperekeza saima kutola anthu mdani akadali pafupi. Ukaima nawenso umira, ndipo sitima zotsalazo amazitola imodziimodzi ngati anapiye.

"Kwerani mukaone, akulu," ndinatero. "Ndigwira ndekha."

"Ng'anjo ziwiri wekha? Mphamvu itsika. Thira!"

Tinadutsa pakati penipeni pa a m'sitima ya shuga aja. Mawu a anthu okuwa m'madzi ankatsikira m'paipi yolowetsa mphepo n'kutipeza pansi pomwepo. Ine fosholo inandipulumuka kawiri. Ndinayang'ana Andries. Misozi inali italemba mizere iwiri pa fumbi la kumaso kwake, koma dzanja silinasinthe: atatu, kutseka, kudikira. Abale inu, ndaonapo amuna olimba, koma ngati uja sindinamuonenso.

Tinathamangitsa mdaniyo maola anayi tikuponya mabomba, mpaka anasowa. Ngati tinamumiza, sindikudziwa, ndipo amene amati akudziwa amanama. Dzuwa litapendeka kaputeni anatembenuza sitima. Tinavuula anthu khumi ndi m'modzi, onse ali bii ndi mafuta, moti sukanazindikira ngakhale bambo ako. Apa ndiye Andries anakwera. Anavula kansanza kake ka m'khosi n'kuyamba kuwapukuta kumaso, m'modzim'modzi. Atafika pa womaliza anamuyang'ana nthawi yaitali, anamumwetsa madzi, n'kutsika kubwerera ku ng'anjo. Japie panalibe. Sanandikalipire mpaka tinafika padoko, ndipo kukhala chete kwakeko kunandiopsa kuposa mabomba.

Patapita miyezi iwiri sitima inakokedwera ku Cape Town kukakonzedwa, ndipo Andries anandipempha kuti ndimuperekeze kwawo. Kalata ya boma yonena za imfa ya Japie inali itafika kale. Mayiwo, munthu wamng'ono thupi wochapa zovala za eni, anatithirira khofi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu a Lukas, ndiuzeni. Sitima yanu inali kutali?"

"Kutali kwambiri, amayi," ndinatero, maso ali m'kapu. "Sitikanatha n'komwe."

"Akunama, amayi," Andries anatero ataimirira, chipewa chili m'manja. "Tinadutsa pakati pawo, tikuwamva akukuwa. Moto umene unatichotsa pamenepo ndinasonkha ndine."

Ndinafuna pansi patseguke. Mayi aja anaika ketulo patebulo pang'onopang'ono.

"Nanga sitima zinazo zinafika?"

"Zonse zisanu ndi zinayi, amayi."

Ndinaganiza kuti amupirikitsa m'nyumbamo. Koma mayiwo anakoka mpando umene unali pafupi nawo.

"Khala pansi, Andries. Ndatsala ndi iwe wekha. Ndikakukwiyira, ndilira ndi ndani?"