Lamba Wofiira Amene Achimwene Anasoka

Achimwene anga ndi telala, ndipo matenda awo ndi amodzi okha: sapirira kuona chinthu chikulendewera. Zaka makumi atatu ndi zinayi akhala pa makina omwewo, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mapaipi, kasizasi kali m'thumba la malaya ngati cholembera. Mukakhala nawo pafupi m'basi, musadabwe kumva chala paphewa. Akukudulirani kaulusi, ngakhale simukudziwana. Malemu alamu anga, mkazi wawo, ankati bambowa akanatha akanapinda mchira wa galu n'kuusokera kumsana.

Ntchito yawo ilibe poitola chifukwa. Nsalu imachita kutha, msoko uli gwa. Koma kufunsa ndiye ayi. Mukawapatsa buluku kuti afupikitse, mulandira buluku lofupika, mabatani olimbitsidwa, ndi thumba lomwe simunalitchule n'komwe litasokedwa. Ine mlongo wawo ndawauza kambirimbiri kuti safunsa anadya phula. Amangoyankha kuti, "Achemwali, maso anga ndi amene amandiuza."

Mwana ali naye mmodzi, wamkazi. Tinamutcha Kabakha chifukwa ali wakhanda ankalira pomutulutsa m'beseni, osati pomuikamo. Lero amaphunzitsa anthu kupalasa kayaki panyanja yamchere, timabwato topyapyala ta munthu mmodzi. Wopalasa amakhala m'bowo lapakati, miyendo ili m'kati, atavala chinsalu cha labala chomwe amachitcha siketi. Siketiyo imathina m'chiuno, ndipo m'mphepete mwake mumakoledwa pamlomo wa bwato kuti mafunde asalowe. Kutsogolo kwake kumalendewera lamba wofiira, wozungulira ngati chogwirira chikwama.

Tsiku lina Kabakha anabwera ndi siketi yake itang'ambika pambali. "Ababa, mungondisokera pong'ambika pokhapa. Ndipo Loweruka mubwere ndi azakhali, mudzaone ntchito yanga kamodzi kokha." Achimwene anali asanapondeko kumeneko. Ankati munthu wanzeru sakhala pamadzi oti sungamwe.

Anasoka pong'ambika paja, n'kumangitsanso lasitiki ya m'mphepete poti inaoneka yofooka. Kenako maso awo anawauza za lamba. Anamugoneka bwinobwino pamwamba pa nsalu, n'kumudutsitsa pamakina kawiri mbali zonse ndi ulusi wofiira wofanana naye. Kuyang'ana patali, lamba analipo. Koma pomugwira panalibe, ngakhale polowetsa chikhadabo.

Loweruka m'mawa tinafika, achimwene atavala buluku lositidwa loti mzere wake ungakucheke, nsapato zili phuliphuli. Ophunzira asanu ndi atatu anaima pamchenga. Kabakha, posangalala kuona bambo ake, anavala siketi mothamanga, anaikoleka, anaponya diso pa lamba wofiira uja, n'kupalasa mpaka pamadzi opitirira msinkhu wa munthu.

"Bwato likagubuduzika musapupulume!" anafuula. "Weramirani kutsogolo ngati mukupsompsona bwato. Menyani pansi pake katatu kuti anzanu amve. Yendetsani manja pamlomo wa bwato mpaka mupeze lamba. Mumukankhire kutsogolo, kenako mumukokere kwa inu, siketi imasuka. Manja m'chiuno, vulani bwato ngati buluku. Lamba ameneyu ndiye moyo wanu, azikhala womasuka nthawi zonse. Werengani mpaka kasanu, mundiona."

Anagubuduka, khuvu! Pamwamba panangotsala mimba yachikasu ya bwato.

Achimwene anandigwira dzanja mpaka kundipweteka. Nkhope yawo inali itatuwa ngati choko chawo cholembera nsalu.

"Achemwali, wati lamba amatani?"

"Amakoka."

"Ndinamusoka."

"Mwati chiyani?"

"Ndinamusoka! Kawiri!"

Ndinatsegula pakamwa koma mawu sanatuluke. Manja a Kabakha anaonekera, anamenya bwato katatu, n'kubwerera pansi. Ophunzira anawerenga limodzi mokondwa. Anafika pa kasanu, zii. Pa khumi wina anaseka, akuyesa kuti aphunzitsi akudzionetsera. Pa khumi ndi kasanu bwato linayamba kugwedezeka, ndipo kuwerenga kunangozilala kokha. Ine ndinali n'taima kakasi, ndikuona mwana wa mchimwene wanga akufera m'manja mwa msoko wabwino kwambiri m'tauni yathu.

Achimwene sadziwa kusambira ngakhale pang'ono. Koma ndinangoona buluku lositidwa lija likulowa m'nyanja, nsapato ndi zonse, kasizasi kali m'manja. Madzi m'mawondo, m'chiuno, m'khosi. Funde linabwera, mutu wa imvi uja n'kusowa. Apo mpamene mawu anga anabwerera, ndipo anthu amati ndinamveka mpaka poimika galimoto.

Kabakha anavuuka pambali pa bwato akutsokomola, maso ali psuu. Asanapume n'komwe anaona dzanja lonyamula sizasi likumira. Anasambira, anawagwira bambo ake kukolala n'kuwakokera kumtunda ngati thumba la zigamba.

Anakhala pamchenga onse awiri akusanza madzi. Chala cha Kabakha chinali chikuchucha magazi, chikhadabo chitathyoka pakati. Atapeza mpweya sanayang'ane bambo ake. Anaitana ophunzira.

"Bwerani kuno. Izi sindinakonzekere kukuphunzitsani lero. Lamba akasowa musalimbane naye, ine ndataya mpweya wambiri pomukanda. Pitani pambali, pafupi ndi chiuno, pomwe mlomo wa bwato ndi wowongoka. Tsinani nsalu, muikokere kunja, lasitiki idumphe. Ikakana, kankhani ndi bondo kuchokera m'kati. Yangayi yakana kawiri, wina anaimangitsa. Ndipo lamba musamangomuona ndi maso ngati ndachitira ine. Lowetsanimo dzanja musanachoke pamtunda."

Kenako anatembenuka. "Ababa, ndinati pong'ambika pokha."

"Amalendewera, mwanawe," anatero achimwene ndi mawu a munthu wodwala.

"Siketi imeneyi ndimabwereka ophunzira. Akanavala mayi ali apowa, bwenzi pano tikunena zina."

Mayi amene analozedwayo anangokhala pansi pomwepo, manja ali kumutu.

Achimwene anatenga siketi ija, anaiika pamwendo, n'kuyamba kusomola ulusi umodziumodzi ndi kasizasi kawo, madzi akutsika m'tsitsi. Chibadwire ndinali n'sanawaonepo akumasula msoko wawo. Ulusi unkakana, ndipo zinawatengera nthawi yoti munthu akanamira kakhumi. Pakati pa ntchitoyo anayamba kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa. Ngakhale pamaliro a mkazi wawo sanalire chotero. Kabakha anawasendera n'kuwagwirira nsalu kuti isamaterereke.

Papita zaka ziwiri. Masiketi onse a kuntchito kwa Kabakha amasokedwa ndi achimwene, ndipo malamba awo ndi aakulu, onyansa, olendewera ngati lilime la ng'ombe. Lamba aliyense amamuyesa polowetsamo dzanja lonse atatseka maso.

Sabata yatha ndinawapitira ndi diresi loti andibwezere zipi. Pamkono wa juzi yanga panali kaulusi kakulendewera. Ndinaona maso awo akukatsata, dzanja likupita kuthumba la sizasi. Linaima panjira.

"Achemwali," anatero motsitsa mawu, "kameneka kali ndi ntchito?"