Zibuluma za shuga kwa Bouchaib

"Bwererani nacho chimenecho, a Haji! Munthu amudula mwendo chifukwa cha shuga, inu mukumubweretsera shuga yemweyo?"

Ndinali ine ndikukalipa, pakhomo pa mnzanga Bouchaib. A Haji Miloud, eni nyumba imene iye amachita lendi, anangoima ndi chibuluma chawo cha shuga chokutidwa ndi pepala labuluu, atachifukata ngati khanda.

"Iwe wokazinga nsomba, ukufuna ndidzazonde wodwala chimanjamanja? Bambo ako sanakulange?"

Rkia, mkazi wa Bouchaib, anatuluka n'kulandira ndi manja awiri. "Mulungu akuonjezereni, a Haji." Anakachiimika kukhoma kumene kunali kale zinzake, mzere wautali. Aliyense wobwera ankabwera nacho. Ndi mmene timalowera m'nyumba ya munthu, kaya ndi ukwati, kaya maliro.

Bouchaib anali gone pamphasa, maso kudenga.

Munthu ameneyu anabwera kuno ku Safi ali mnyamata, kuchokera kumidzi ya ku Doukkala. Anakulira buledi wa balere woviika m'mafuta a azitona, msuzi wa nyemba m'mawa, chambiko masana. Tsiku limene ndinamuona koyamba kudoko anali atasenza mabokosi a nsomba amene ife tinkanyamula anthu awiri. Kenako anapeza ngolo yokankha, anakwatira, ana anabadwa. Kudoko munthu sukhala pansi kuti udye. Buledi woyera wa m'sitolo, umupake majarini, tiyi wotsekemera mpaka milomo kumata, basi wanyamuka. Akatsitsa katundu pashopu iliyonse ankamuthirira tiyi, ndipo tiyi wa munthu sakana.

Adokotala atamuuza za matenda a shuga anati abwerere ku zakudya za kwawo. Anayesa, ndine mboni. Rkia ankamuphikira buledi wa balere, iye n'kumamutenga m'kansalu. Anzake a ngolo anamuseka.

"Achimwene, mwayamba kulanda chakudya cha bulu? Mawa tikumangani pangolo."

Zimenezo anapirira. Chinamukanika ndi tiyi. Tsiku lina anaphimba tambula ndi dzanja kwa mwini shopu wina, mwini shopuyo anati, "Tiyi wanga ali ndi poizoni?" Sanamuitanenso kudzanyamula katundu. Kuyambira pamenepo Bouchaib ankangolandira n'kumwa.

Chinayamba ndi chala chakuphazi. Kenako phazi. Mwezi wathawu anadula pansi pa bondo.

Chitulukireni m'chipatala salira, sadandaula. Ukamufunsa kuti zili bwanji amati, "Tikuthokoza Mulungu," mawu ake ngati akuwerenga chikwangwani. Phazi lotsalalo ndinaliona ndekha Rkia akulisambitsa. Chala chaching'ono chayamba kuda.

A Haji atakhala pansi, Rkia anatenga kahamala n'kuyamba kuswa chibuluma chimodzi. Mlendo wabwera, tiyi aphikidwe basi. Anaponya zidutswa m'ketulo, anathira m'matambula. A Haji anatenga tambula yoyamba n'kumupatsa wodwalayo.

"Imwa, mwana wanga, upeze mphamvu. Kamodzi kokha sikapha."

Bouchaib anadzuka ndi chigongono, analandira. Sanandiyang'ane.

"Mlamu," ndinatero kwa Rkia, "nanunso?"

"A Haji ndiwapatse madzi? Anthu aziti chiyani?" Anayankha osatukula mutu.

Bouchaib anamwa tiyi yense, pang'onopang'ono, n'kugonanso chagada.

Ine sukulu sindinapite patali, koma zala zakuphazi ndimatha kuziona zikamatha. Ndinaimirira pakati pa chipinda, nsapato zili m'manja.

"A Haji, inu mumakhala kutsogolo kumzikiti, anthu amakumverani. Onsewa akuti ndi ulemu. Wa shopu uja ulemu, inu ulemu, mlamu wanga ulemu. Chabwino. Mwendo woyamba palibe anauyankhira. Wachiwiriwu akadzaudula, adzaimirire ndani kunena kuti ndine ndinathira tiyi? Musatuluke muno musananditchulire dzina."