Kulawa Buku la Mfuti

Ine mfuti sindinaigwirepo. Ndinene kaye zimenezo, wina asadzati ndinadzitama. Chimene ndinagwirapo ndi legeni, nayonso mbalame zinkangondiyang'ana. Koma chaka chatha ndinawerenga buku lathunthu la mfuti, tsamba ndi tsamba, ine amene sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Chinandiwerengetsa ndi chinkhoswe.

Mwana wa achemwali anga, amene ndi nesi kuno kunja, ku Indianapolis, anapeza mwamuna. Mnyamata wachizungu, waulemu, amadya chilichonse chimene wamupatsa. Achemwali anga ali kumudzi ku Dedza anaimba foni n'kunena zachidule: popanda chinkhoswe, iwo ukwatiwo sauwerengera. Mbali yathu panalibe vuto, nkhoswe ndine, malume wake, ndipo ndili pompano ku South Bend. Vuto linali kuchimuna. Tinafunsa kuti kodi mnyamatayu amalume ake alipo? Anati alipo amodzi, alongo awo a mayi ake. Mnyamatayo anawaimbira kawiri, kawiri konse yankho lofanana: "Ine zikundikhudza bwanji? Bambo ake ali moyo."

Mwaona? Kuno malume ndi munthu wongobwera kudzadya kamodzi pachaka n'kumapita. Sadziwa kuti banja likagwedezeka woyamba kuitanidwa ndi iye.

Ndiye ndinati ndipita ndekha ndikaonane nawo. Koma kwa munthu wamkulu supita chimanjamanja. Ndinamufunsa mwana uja kuti akuluwo amakonda chiyani.

"Mfuti, ankolo."

"Mfuti zokha?"

"Mfuti ndi khofi."

Ndinakhala pansi. Khofi ndi wochepa, ulemu wake umatha pa sabata imodzi. Mfuti sindingagule, komanso kupita kukapempha ubale utanyamula mfuti, ngakhale kuno, sizioneka bwino. Ndiye ndinaganiza kuti, munthu wokonda kwaya timamugulira buku la nyimbo. Nanga wokonda mfuti? Basi, buku la mfuti.

Tsiku limene ndinali ofu kuntchito, paja ndimagwira kunyumba yosamalira okalamba, ndinakwera basi kupita m'tauni, kusitolo ina ya mabuku akale. Tinene kuti kaunjika wa mabuku. Ine ndinkaganiza kuti buku la mfuti ndi limodzi, ungolitchula n'kukupatsa. Mayi wogulitsa ananditengera pa shelefu yoyambira m'mawondo mpaka kupitirira mutu wanga, yonseyo mfuti.

Ndinayamba kusankha ngati nkhuku pamsika, kunyamula m'manja kumva kulemera. Lolemera kuposa onse linali la zithunzi zokhazokha, lotsatsa malonda. Ndinalibweza. Kumupatsa munthu limenelo ndi kumutuma kuti akagule ina, akazi ake n'kudana nane tisanadziwane n'komwe. Lachiwiri linali la alenje akusimba za agwape amene anapha. Pachikuto bambo wina wagwada pambali pa nyama, akumwetulira ngati wakhoza mayeso. Alenje ndimawadziwa ine, gwape wawo amapitiriza kukula atadyedwa kale. Ndinalibwezanso. Lachitatu linali la ongoyamba kumene, kagwiridwe ka mfuti kuti usadziwombere phazi. Limenelo ndinalikonda, linali lanzeru. Koma kupatsa munthu wa imvi buku lotero ndi kumutukwana mwaulemu.

Mayi uja ataona kuti ndatuluka thukuta anandifunsa kuti, "Kodi mnzanuyo amakonda mfuti zamtundu wanji?"

Ine sindinkadziwa kuti mfuti nazonso zili ndi mipingo. Ndinamuimbira mwana uja, iye n'kumufunsa mnyamata wake. Yankho linabwera loti amakonda zachikale, zothira wonga kukamwa n'kusinja ndi kandodo.

"Gogodela!" ndinakuwa m'sitolomo, mpaka munthu wina anagwetsa buku.

Imeneyo ndiye ndimaidziwa. Kumudzi kwathu kunali bambo wina anali nayo, yothamangitsira nguluwe m'munda. Ikalira, utsi mudzi wonse, iwo chagada pansi, nguluwe ikupita pang'onopang'ono ngati ikuchokera ku tchalitchi.

Mabuku a gogodela analipo atatu. Ndinasankha laling'ono, lofiirira, zilembo zambiri zithunzi zochepa, m'mbali mwake mwada bii ndi zala. Ndinati buku lodetsedwa ndi zala lili ngati njira yopita kuchitsime, anthu amadutsamo chifukwa kuli madzi.

Tsopano apa ndi pamene anthu amati ndinalakwitsa, ngakhale ine mpaka lero sindikuona. Kwathu ukamapatsa mlendo thobwa, umayamba wamwako kaye, adziwe kuti mulibe kanthu. Nanga ine ndikanapereka bwanji kwa munthu wa mfuti buku limene sindikudziwa za m'kati mwake? Mwina likutukwana anthu a ndevu, iwo ali ndi ndevu. Ndinayenera kulawa.

Ndinalawa milungu itatu. M'basi, pa buleki, paliponse. Chizungu chake chinali cholimba ngati chimanga chokazinga, ndiye ndinatenga pensulo. Mawu amene sindikuwadziwa ndinkadula mzere kunsi. Pamene ndagwirizana napo ndinkachonga. Pamene wolembayo wandikwiyitsa ndinkamuyankha m'mbali, m'Chichewa, chifukwa ine kukwiya m'Chizungu sindimatha. Mnzanga wina wa kuntchito atandipeza nalo bukulo m'chipinda chodyera, anayamba kundipatsa moni kawiri patsiku ndi kundisiyira mpando wabwino.

Loweruka lake ndinadiraiva kupita ku Indianapolis. Mwana uja ndinamutenga pa Lafayette Road, pamene amagula ufa ndi nyemba. Atalowa m'galimoto anati aone mphatsoyo. Anatsegula. Anayang'anitsitsa. Anatsegula tsamba lina.

"Ankolo! Mwalembamo!"

"Ndalawa."

"Mphatso salembamo, ankolo! Apa mwati chiyani? 'Bodza ili'? 'Ameneyu sanaonepo nguluwe'? Mayo ine, ukwati wanga!"

Anafufuza labala m'chikwama, sanapeze. Anayesa kufufuta ndi chala chamalovu, tsamba linangoda kwambiri. Ndinamuuza kuti asiye, thobwa lolawidwa sabwezeramo.

Amalume a mnyamata tinawapeza m'galaja mwawo. Munthu wamtali, ndevu mpaka pachifuwa, wosalankhulalankhula. Ndinawapatsa moni, ndinawafunsa za kunyumba, za akazi awo, za ana, za ulendo ngakhale woyenda ndinali ine. Mayankho onse anali a liwu limodzi. Kenako ndinawerama pang'ono n'kupereka bukulo ndi manja awiri.

Anayang'ana chikuto. "Ili ndili nalo," anatero. "Awiri."

Milungu itatu! Mwana uja anayang'ana kudenga ngati akufuna potulukira.

Koma iwo anatsegulabe, mwina mwaulemu chabe, n'kuona pensulo. "Izi ndi chiyani?"

Mwana uja anafotokoza za thobwa. Iwo anavala magalasi, n'kuloza mzere wina. "Apa akuti chiyani?"

Mwana uja anayankha: "Akuti... wolembayo wanama."

Pamenepo wolembayo ankati gogodela ukaisamala bwino imawomba ngakhale pamvula. Ine ndinaona ndi maso anga bambo a kumudzi aja akubwerera kunyumba mvula itangowaza, mfuti ili pansi pa jekete ngati khanda.

Akulu aja anamenya tebulo. "Zaka zonse ndakhala ndikuwauza anzanga zimenezi! Mvula ikagwa, pita ukamwe khofi!" Anandiyang'ana koyamba ngati munthu. Anakoka mipando iwiri. "Nanga apa?"

Apo ndiye panali povuta. Wolembayo ankati mpope wa mfuti uzitsukidwa ndi madzi otentha ndi sopo. Ine ndinalemba m'mbali kuti: "Ndi mwana kodi? Muipakenso mafuta odzola."

Mwana uja anamasulira, maso ali pansi.

"Ayi, apo walondola wolembayo," anatero akuluwo.

"Bambo, ndi ulemu wonse," ndinatero ine, "chitsulo ndi madzi ndi adani. Ndinali ndi njinga ine."

"Mfuti si njinga."

"Koma chitsulo ndi chitsulo."

Tinakangana mpaka womasulira anapempha madzi akumwa. Mapeto ake akuluwo anadzuka, anatsegula kabati yachitsulo ya maloko awiri, anatulutsa mpope wokha, anateketsa madzi, n'kutsuka ine ndikuona. Ine ndinagwira ndowa. Madzi anatuluka akuda bii, onunkha ngati dzira lovunda. Atapukuta, anapakadi mafuta. Pa mafuta paja ndinafuna kunena kuti mwaona, koma ndinadzigwira. Ndinavomera kuti ndagonja, ndinapempha pensulo, n'kulemba pansi pa mawu anga aja kuti: "Pepani."

Apo ndinaona kuti khomo latseguka.

"Bambo," ndinati, "mwaona zimene tachitazi? Tatsutsana, wina wagonja, palibe wathawa. Unkhoswe ndi umenewu. Ana awa akadzayambana, sapita kwa makolo, makolo amakondera. Amabwera kwa inu ndi ine. Timakhala pansi, timakangana m'malo mwawo, iwo n'kupuma."

Anakanda ndevu. "Basi? Palibe zolankhula pamaso pa anthu?"

"Pang'ono."

"Mphwanga uja anandionetsa vidiyo. Anthu ankavina."

"Amenewo ndi ena."

Anatembenuza masamba. "Ndibwera," anatero. "Koma sindivina. Ndipo masamba otsalawa mudzandimasulire, ndaona 'bodza' lina kumapetoku."

Tili m'galimoto mwana uja anati, "Ankolo, mwawanamiza."

"Sindinaname. Iwo savina. Azimayi a kumpingo ndi amene adzawavinitse."

"Nanga za tambala mwawauza?"

Za tambala ndinaiwaladi. Paja pa chinkhoswe ankhoswe amasinthana nkhuku zamoyo, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti.

Tsikulo linafika, m'holo ina ku Indianapolis, achemwali anga akuonera pa foni kuchokera ku Dedza. Akulu aja anabwera atavala suti, ndevu atapesa. Atawapatsa tambala sanafunse funso. Anamugwira ndi manja awiri, mlomo wake ataulozetsa pansi ngati mpope wa mfuti, ndipo aliyense akadutsa kutsogolo kwawo ankatembenuka naye kuti asaloze munthu. Holo yonse anayenda choncho mpaka kudzafika pamene ndinaima ine ndi msoti wanga.

Foni inali m'manja mwa mayi wina pafupi nane, ndipo ndinawamva achemwali anga akufunsa kuti, "Achimwene, nkhukuyo aigwira choncho bwanji, ikudwala?"

Ndinati ayi, ndi munthu wosamala chabe.

"Ndiye ameneyo ndi nkhoswe," anatero. "Pitirizani."