Tsiku Limene Achimwene Anapatuka

Ndikamaonera mpikisano wa njinga pa TV, wotsogola n'kupatuka mzere womaliza uli pafupi, mtima umandigundabe.

Ndili kamtsikana, achimwene anga anatsogola pampikisano wa njinga kuchokera ku Lipingo, mnzawo wa timu imodzi atamatirira kutayala lawo lakumbuyo. Ine ndinaima ndi amayi pamsika wa Mbamba Bay, pomwe panali mzere womaliza, fumbi lili m'mano, ndikukuwa. Atatsala pang'ono kufika, achimwene anapatuka mwadzidzidzi, mutu atauzolika pahandulo. Mnzawo uja anadutsa n'kupambana.

"Amayi, achimwene akufa!" ndinalira.

Anafika mochedwa, akutsokomola koma akuseka. "Usalire iwe. Ndimamutchingira mphepo. Tapambana!"

Ndinakwiya, osawayankhula mpaka mawa lake. Kuseka kwawoko ndinakumvetsa tsiku limene mwana wanga analandira digiri, ine nditaima kumbuyo kwa anthu, ndikupumira m'mwamba ngati achimwene tsiku lija, nditamuvutikira zaka zonsezo.